Phewa likamapweteka mutachitidwa opaleshoni ku Joni, basi iyambe yadikira



Lero tisiye kaye za mitengo ya mabulangete ndi za reti ya randi. Tikambe za thupi limene limasenza katunduyo.

Pali nkhani imene imamveka kawirikawiri tikakumana ku Park Station, kapena m'nyumba zogona alendo ku Mayfair ndi ku Fordsburg. Munthu wabwera kudzaoda, wadwala mwadzidzidzi, amuthamangitsira kuchipatala, amuchita opaleshoni ya pamimba. Mwina ndi ndulu, apendikisi, chotupa cha m'chiberekero, mimba yomera panja pa chiberekero, kapena wachira kudzera pa opaleshoni. Amutulutsa. Bala lili pamimba, koma chimene chikumusowetsa tulo ndi phewa, malo amene dotolo sanawakhudze n'komwe.

Funso limakhala limodzimodzi: "Andicheka pamimba, nanga phewali likubwera pati?" Ndipo mayankho amene timapatsana ndi amene akudetsa nkhawa. Wina akuti unaligonera. Wina akuti ndi katundu amene wakhala ukusenza zaka zonsezi. Wina akuti kumudzi akugwira, aona kuti geni yako ikuyenda. Wina akuti anakuiwalira kanthu m'mimbamo. Pamapeto pake tonse timagwirizana chimodzi: "Ingomwa Grand-Pa, ukwere basi, ukaonetse kwathu."

Malangizo otsirizawa ndi amene tikuwakana. Maganizo athu ndi awa: munthu amene wachitidwa opaleshoni ku Johannesburg, phewa n'kumamupweteka, asakwere basi asanabwerere kumene anamuchita opaleshoniyo kuti akamuone. Katundu akhoza kupita yekha. Mwini wake ayambe wadikira.

PHEWA LIKULOWAPO BWANJI?

Pakati pa chifuwa ndi mimba pali mnofu waukulu wopyapyala, wooneka ngati ambulera yotsegula, umene umatsika ndi kukwera tikamapuma. Madotolo amautcha diaphragm. Mtsempha umene umanyamula uthenga wa mnofu umenewu umatulukira m'khosi, pamalo amodzimodzi pamene pamatulukira mitsempha ya pamwamba pa phewa. Ndiye chinthu chikamanyanyula mnofuwu kunsi kwake, ubongo umasokoneza adiresi. Uthenga wachokera m'mimba, koma ululu ukumveka paphewa. Zili ngati chikwama cha ku Mzuzu chimene kondakitala walembapo Zomba.

Masiku ano maopaleshoni ambiri a ndulu, apendikisi ndi a amayi amachitika pa tizibowo ting'onoting'ono, aja amalowetsa kamera m'mimba. Kuti dotolo aone bwino, amayamba wapopera mpweya wa carbon dioxide m'mimbamo kuti itukuke. Akamaliza amautulutsa, koma wina umatsalira kunsi kwa mnofu uja. Umenewo ndi umene umabweretsa ululu wa paphewa, kawirikawiri la kumanja, tsiku loyamba kapena lachiwiri. Ululu wake ukhoza kuposa wa pabala penipeni. Amayi ena amene achira pa opaleshoni amaumvanso, chifukwa cha mpweya ndi timagazi totsalira m'mimba.

Ululu wamtundu umenewu si woopsa. Thupi limayamwa mpweyawo lokha, ndipo pakatha masiku 2 kapena 3 umakhala utachepa kwambiri, ngakhale kwa ena umafika sabata. Chimene chimathandiza ndi kuyendayenda pang'onopang'ono m'nyumba, kuthowa phewalo ndi kansalu kofunda, ndi kumwa mankhwala amene anakupatsani potuluka. Chizindikiro chake chachikulu n'chakuti lero umachepa kusiyana ndi dzulo.

Tikanakhala ndi umenewu wokha, bwenzi tikungoti pirirani. Vuto n'lakuti mnofu uja sudziwa kusiyanitsa mpweya ndi zinthu zina. Magazi akamatayikira m'mimba, nawonso amaunyanyula, phewa n'kupweteka. Madzi a ndulu akamadontha pamene anadula, chimodzimodzi. Mafinya akasonkhana kunsi kwake patapita masiku angapo, chimodzimodzi. Magazi oundana akachoka m'mwendo n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo, ululu ukhoza kumveka paphewa mukamakoka mpweya. Nawo mtima ukavutika, umatha kudandaulira paphewa ndi pamkono wa kumanzere. Ululu wake ndi wofanana, koma wina umatha wokha, wina umapha pa maola ochepa. Ife a geni sitingausiyanitse poyang'ana ndi maso pa bedi la ku Mayfair.

ZIZINDIKIRO ZOSADIKIRA KUCHE

Ngati phewa likupweteka ndipo pali chimodzi mwa izi, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi 2 koloko usiku:

1. Kupuma movutikira, befu, kapena kubaya m'chifuwa mukamakoka mpweya.
2. Kutsokomola magazi.
3. Chizungulire, kukomoka, thukuta lozizira, mtima kugunda mothamanga, m'maso ndi m'manja kuyera.
4. Mimba kutupa, kulimba, kapena kupweteka moonjezera tsiku ndi tsiku.
5. Kutentha thupi kufika madigiri 38, kapena kunjenjemera ngati malungo.
6. Maso kusanduka achikasu, makamaka mutachitidwa opaleshoni ya ndulu.
7. Mwendo umodzi kutupa, kutentha kapena kupweteka kukatumba.
8. Chifuwa kuthina ngati akusanjikani thumba la simenti, ululu n'kumafika kunsagwada kapena kumkono.
9. Bala kufiira, kutupa, kutuluka mafinya kapena kununkha.
10. Mkono kuchita dzanzi kapena kufooka mpaka kulephera kugwira kapu.

Ndiponso ululu umene unasiya n'kubweranso patapita masiku, kapena umene wayamba patatha sabata, umenewo si mpweya uja ayi. Mpweya subwerera.

Pa foni ya m'manja imbani 112, imalowa ngakhale mulibe mayunitsi. Nambala ya ambulansi ndi 10177. Ambulansi ikachedwa, mnzanu aitane galimoto, mupite ku kazuwote ya chipatala chimene chinakuchitani opaleshoni, chifukwa faelo yanu ili kumeneko. Ngati kuli kutali, pitani chimene chili pafupi. Amene timagona ku Mayfair, Fordsburg ndi Brixton, Helen Joseph ili pafupi. Charlotte Maxeke ili ku Parktown, Chris Hani Baragwanath ili ku Soweto, ndipo za amayi ndi ana kuli Rahima Moosa ku Coronationville.

Amayi anzathu, ichi chokha tiwonjezere ngakhale simunachitidwe opaleshoni iliyonse: ngati mwadumphitsa kusamba, m'mimba mukupweteka mbali imodzi, phewa n'kuyambanso kupweteka, imeneyo ikhoza kukhala mimba yomera panja pa chiberekero imene yaphulika. Si ya mawa imeneyo.

ULULU WINA NDI WA PHEWA LENILENILO

Pali kayesedwe kosavuta kamene kangakuthandizeni pofotokozera dotolo. Kwezani mkono, muuzungulize pang'onopang'ono. Ngati ukuyenda bwinobwino ndipo ululu sukusintha, n'kutheka kuti ululuwo ukuchokera m'mimba kapena m'chifuwa. Ngati ululu ukuwonjezeka mukausuntha, kapena mkono ukukana kukwera, vuto likhoza kukhala m'phewa momwemo.

Pa tebulo la opaleshoni mkono umakhala wotambasulidwa nthawi yaitali munthu ali mtulo, osatha kunena kuti ndatopa. Mitsempha ndi minofu imakokeka, ndipo dzanzi ndi ululu zimatha kukhala milungu ingapo. Enanso, chifukwa chokhala nthawi yaitali osagwiritsa ntchito mkono, phewa limauma. Madotolo amati frozen shoulder. Limayamba ndi ululu wa usiku, kenako munthu amalephera kupesa tsitsi, kumanga mpango, kapena kupisa m'thumba la kumbuyo. Limakonda anthu a zaka za pakati pa 40 ndi 60, ndipo limavuta kwambiri odwala shuga. Likhoza kutenga chaka, ngakhale zaka 2 kapena 3, kuti limasuke. Amayi amene achitidwa opaleshoni ya bere nawonso amakumana nalo kwambiri.

Limeneli silipha, koma limapha geni, chifukwa ntchito yathu ndi ya manja. Mankhwala ake ndi mafizo oyambidwa msanga, ndipo nthawi zina dotolo amabaya jakisoni paphewapo kuti ululu uchepe munthu athe kuchita mafizowo. Zimenezi zokha ndi zimene mungathe kukapitiriza kwathu, ku Queens ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Mzuzu Central, kumene kuli madipatimenti a mafizo. Koma ayambe wanena ndi dotolo kuti vuto ndi limeneli. Tisadziyeze tokha n'kudzipatsa chilolezo cha ulendo.

CHIFUKWA CHIYANI TIKULIMBANA NDI BASI?

Tonse timaudziwa msewu wathu. Kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 1,700. Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, kenako Zobue ndi Mwanza, kapena Calomue ndi Dedza kwa a ku Lilongwe. Ndi tsiku ndi theka zikayenda bwino, masiku awiri boda ikavuta. Nthawi yonseyo miyendo ili yopinda, pansi pa mpando tadzazapo zikwama, madzi sitimwa poopa kuvutitsa dalaivala kuti aime.

Mu 2007 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti kukhala pansi pa ulendo wa maola 4 kapena kuposerapo, kaya m'ndege, m'sitima, m'basi kapena m'galimoto, kumachulukitsa kawiri mpata woti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo. Iwo amanena za maola 4. Ife timakhala maola opitirira 30. Tsono opaleshoni payokha imapangitsa magazi kuundana msanga, makamaka milungu 6 yoyamba, ndipo mayi amene wangochira kumene amakhala pa chiopsezo chomwecho. Mukaphatikiza ziwirizi, mwathira palafini pamoto.

Chachiwiri, ganizirani kumene vutolo likakupezereni. Mukadutsa Musina, mwasiya faelo yanu, mwasiya dotolo amene akudziwa pamene anadula ndi pamene anasoka. Mukakomoka pakati pa Nyamapanda ndi Tete, mulibe mametikashi, Chipwitikizi simuchidziwa, ndipo basi yodzaza anthu ndi katundu siingakudikireni tsiku lonse. Akusiyani pachipatala, katundu wanu apitirire ndi anthu osawadziwa. Katundu yemweyo amene mumathamangira.

Chachitatu ndi kunyamula. Pa boda kondakitala akati tsitsani zonse, palibe amene amakumbuka kuti muli ndi ulusi pamimba. Chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20 chimalemera pafupifupi makilogalamu 18. Amene achekedwa pamimba amauzidwa kuti asanyamule zolemera kwa milungu pafupifupi 6, kuopa kuti bala lingatseguke kapena matumbo angatulukire pamene anasoka. Ndipo phewa lopweteka kale mukalikoketsa chikwama cha mabulangete, mwaligulira miyezi ina ya ululu.

ENA ADZATI TIKULANKHULA ZA M'MABUKU

Tikudziwa zimene zimathamangitsa munthu, chifukwa nafenso zimatithamangitsa.

Choyamba ndi masiku. Pasipoti ya Malawi amaidinda masiku 30, ndipo ukapyola, pa Beitbridge amakuletsa kulowanso: chaka chimodzi ngati wapyola ndi masiku osakwana 30, zaka 5 ngati wapyola kuposa pamenepo. Kwa munthu wa geni chimenechi ndi chilango chowawa, sitikuchichepetsa. Koma chiletso chimenechi munthu amatha kuchidandaula ku Home Affairs, ndipo kalata ya dotolo yonena tsiku limene munagonekedwa, limene munachitidwa opaleshoni ndi limene anakulolani kuyenda ndi umboni umene mumapereka pa dandaulo lotere. Ipempheni musanachoke, ikhale ndi chidindo cha chipatala. Ndiponso kubwerera kuchipatala kukaonetsa phewa nthawi zambiri ndi nkhani ya tsiku limodzi kapena awiri. Muuzeni dotolo chilungamo: masiku anga akutha pa deti yakuti, ulendo wanga ndi wa basi wa maola oposa 30. Madotolo ambiri mukati "ndikupita kunyumba" amaganiza kuti mukunena ku Turffontein kapena ku Rosettenville. Akadziwa zoona, malangizo ake amasintha, ndipo ena amalemba mankhwala oteteza magazi kuundana. Amene mungakwanitse tikiti ya ndege, ulendo wa ku Chileka kapena ku Lilongwe ndi wa maola osakwana 3, koma nawonso ayambe wavomereza ndi dotolo.

Chachiwiri ndi ngongole. Ndalama ya oda ndi ya banki mkhonde, mwinanso ya katapila, ndipo makasitomala akudikira. N'zoona. Koma ngongoleyo imabwezedwa ndi katundu akafika, osati ndi thupi lanu likafika. Mathiransipota alipo, anzathu okwera basi tsiku lililonse alipo. Lembani mndandanda wa katundu, jambulani zikwama, perekani malisiti, wina wa kunyumba akalandire ku Wenela kapena ku depoti ya ku Lilongwe. Mudzaluza kandalama kolipira wonyamula, koma geni ipitirira.

Chachitatu ndi mantha. Tonse tamva, enafe taona, magulu oima pa zipata za makiliniki kufunsa ziphaso ndi kubweza alendo. Mantha amenewa si ongopeka. Koma dziwani pamene lamulo laima. Gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa limanena kuti munthu aliyense sayenera kukanizidwa chithandizo cha mwadzidzidzi, ndipo silifunsa kuti ndiwe wa dziko liti. Mu Epulo 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg linalamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko limene achokera. Kwa enafe bilu ikhoza kubwera, koma bilu imakambidwa munthu ali moyo. Musapite nokha. Tengani mnzanu wodziwa Chingerezi kapena Chizulu, tengani pasipoti ndi khadi la chipatala, ndipo pachipata munene mawu oyamba akuti munachitidwa opaleshoni pomwepo tsiku lakuti.

MAPEPALA NDI MANKHWALA

Lamulo la zaumoyo la dziko lino, National Health Act la 2003, limalamula kuti wodwala apatsidwe kalata pamene akutuluka m'chipatala. Iwo amaitcha discharge summary. Musatuluke opanda kalatayi. Muijambule pa foni, mutumizenso kwa wachibale pa WhatsApp. Mukafika kwathu muiphatike m'kabuku kanu ka kuchipatala. Dotolo wa ku Mwanza kapena ku Dedza sangalote zimene anakuchitani ku Joni, ndipo "anangondicheka pamimba" simuthandiza.

Musanatuluke funsani mafunso anayi: Mwandichita chiyani kwenikweni? Munapopera mpweya m'mimba? Ndingakwere liti basi ya ulendo wautali? Ndingayambe liti kunyamula zolemera? Safunsa anadya phula.

Pa mankhwala, chonde tisiye kugawana za m'zikwama. Grand-Pa ili ndi asipirini, ndipo asipirini amachedwetsa magazi kuundana pabala, choncho ngati mukutaya magazi m'kati, mukuwonjezera vuto. Bufeni, diclofenac ndi indosidi zimatha kukanda m'mimba ndi kuvutitsa impso, makamaka munthu akamamwa madzi ochepa ngati mmene timachitira m'basi. Panado ndi wabwino, koma munthu wamkulu asapyole mapiritsi 8 a 500 mg pa tsiku, ndipo dziwani kuti Grand-Pa ndi Adco-Dol zili kale ndi mankhwala a panado m'kati. Mukaphatikiza zonse, chiwindi ndi chimene chimalipira. Choopsa china n'chakuti mankhwala amphamvu amabisa ululu umene ukanakuchenjezani, n'kukufikitsani pa Masvingo muli duu, m'mimba magazi akudzaza.

Za kumudzi zija, sitikunyoza chikhulupiriro cha wina aliyense. Pempherani, itanani abusa kapena ashehe, m'pofunika. Koma mphini paphewa sizichotsa magazi amene ali m'mimba, ndipo zimangowonjezera mabala pa thupi limene likulimbana kale ndi bala lina. Komanso kuloza chala azakhali kapena mnzathu wa pamsika chifukwa cha mpweya umene ukanatha pa masiku atatu kwapasula maubale ambiri popanda chifukwa.

DOTOLO AKAKULOLANI KUYENDA

Pemphani mpando wa m'mbali mwa kanjira, ndipo pansi pake pasakhale katundu kuti miyendo itambasuke. Basi ikaima paliponse, tsikani muyendeyende. Muli pampando, muzisuntha mapazi m'mwamba ndi pansi ola lililonse. Imwani madzi, ndipo muuzeni kondakitala poyambirira kuti mwachokera ku opaleshoni. Mowa ndi mapiritsi ogonetsa ayi. Masokosi othina aja oteteza kutupa miyendo amapezeka m'mafamase monga Clicks ndi Dis-Chem, funsani dotolo ngati akuyenerani. Pa boda lipirani mnyamata akunyamulireni. Ndipo chizindikiro chimodzi mwa zija tatchula pamwambapa chikaoneka panjira, tsikani pa tauni yoyamba imene ili ndi chipatala: Musina, Masvingo, Harare, Tete kapena Mwanza. Musanene kuti ndipirire tifike.

UDINDO WATHU NGATI GULU

Pomaliza tidzilankhule tokha, ife amene tili bwino lero. Munthu sakwera basi ndi ulusi pamimba chifukwa chopanda nzeru. Amakwera chifukwa ndalama ya chipinda yatha, katundu alibe womusiyira, ndipo anzake onse anyamuka. Ndiye tikamuuza kuti adikire, timuuzenso mmene adikirire. Wina atenge zikwama zake ziwiri, wina zitatu, tikapereke kwa abale ake osachotsapo kanthu. Amene muli ndi nyumba ku Joni, mpatseni pogona masiku ochepa. Wina amuperekeze kuchipatala. Mutu umodzi susenza denga.

Tonse m'gulu lino tasonkhapo ndalama zotumizira bokosi kumudzi, ndipo tikudziwa kulemera kwake. Timasonkha mwachangu maliro akachitika. Tiyeni tiphunzire kusonkha ya chipinda cha masiku asanu munthu akadali moyo, chifukwa ndi yochepa kwambiri, ndipo mwini wake amadzabweza yekha ndi manja ake.

Mukamva mnzathu akuti "andichita opaleshoni koma phewa likundisowetsa tulo", musamupatse Grand-Pa. Mufunseni kuti opaleshoniyo inachitika liti, akupuma bwanji, thupi likutentha kapena ayi, ndipo mupite naye akamuone. Uthengawu ufikenso kwa anzathu a ku Chipata, ku Tete ndi ku Lichinga amene timakwera nawo basi imodzi.

Amene muli pamsewu, muyende bwino. Amene muli m'chipatala, Mulungu akukhudzeni muchire msanga.